Madzi otsukira mbale athu amathera ku Chilwa

Ife a ku Zomba timakhala pa mtsetse, ndipo ndimaona ngati ambirife nkhani imeneyi sitimaiganizira tikamagwira ntchito za pakhomo. Madzi amene timatunga pa mpopi amachokera kumtunda, ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri paja, amatsika nkufika kwathu ku Matawale, ku Chinamwali, ku Chikanda, ku Sadzi, ife nkuchapira, nkutsukira mbale, nkukolopera m'nyumba kenako nkukawakhuthula kuseri. Nde akachoka pakhomo pathu sikuti amangosowa ayi, amatsata ngalande mpaka mu Likangala kapena timitsinje tina, ulendo wa ku Chilwa. Tsono Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire, koma ku Chilwa chimene chalowa chalowa basi, madzi okha ndi amene amauma ndi dzuwa, zinazo zimatsalira mommo m'matope ndi m'mabango.

Kwawo kwa amayi anga ndi kufupi ndi ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, nde ine nyanja imeneyi sindimangoimva pa wailesi. Matemba ndi milamba imene timagula pa msika wa Zomba kapena pa Mpondabwino yambiri imachokera komweko, mpunga wa ku sikimu ya Likangala amathirira madzi omwewa amene adutsa m'tauni muno, ndipo anthu a kumunsi amasamba, kuchapa ngakhale kumwa kumene madzi a mumtsinje womwewu. Nyanjayi ndi yosaya, inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pouma. Sindikunena kuti inauma chifukwa cha sopo wathu, izo ndi za mvula komanso dothi lokokoloka m'mapiri. Ndikunena kuti nyanja yofooka kale chonchi, imene inaikidwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbalame zake, ife a kumtunda tisamaiwonjezere katundu wa majumbo, mapampasi ndi mankhwala pamene pali njira zina zoyeretsera pakhomo. Ndipo njira zambiri mwa izi si zachilendo, sizofuna kukagula botolo lodula lolembedwa chingerezi mu shopu. Anganga anga ankazichita alibe ndi tambala yomwe.

Phulusa ndi limene ndimalikhulupirira kwambiri. Pakhomo pamene pamaphikidwa pa mbaula kapena pa mafuwa phulusa silisowa, koma ambiri timangoliwola nkukalitaya kudzala, kenako nkutuma mwana kukagula sitiliwulo ndi sopo pa hokala. Mmene ndimachitira ine ndi chonchi. Phulusa likazizira ndimalisefa ndi sefa yakale ya ufa kuti timakala ndi timiyala titsale, losalalalo ndimasunga mu chitini chotseka pansi pa thandala. Ndikafuna kutsuka poto wa ndiwo wa mafuta ndimathiramo phulusa lodzadza dzanja limodzi ndi timadzi totentha pang'ono kuti likhale phala, nkusiya kanthawi ndikutsuka makapu ndi mbale zina, ndikabwerera mafuta aja amakhala atasungunuka, ndimangokwecha ndi chitsononkho kapena chinkhupule nkutsukuluza. Chimene chimachitika nchakuti phulusa la nkhuni lili ndi mchere wa potashi, ndipo potashi akakumana ndi mafuta m'madzi amawasandutsa ngati sopo, nchifukwa chake madzi a phulusa amaterera m'manja. Mphamvu yomweyi ndi imene ili mu chidulo, ija imafewetsa therere ndi khwanya. Akale sankafotokoza choncho koma ankadziwa kuti zimagwira.

Kunja kwa poto nako, m'malo molimbana ndi mwaye poto atada kale, anganga ankayamba apaka phala la phulusa kapena dothi kunsi ndi m'mbali asanamuteleke pa moto. Mwaye umakakamira pa phalalo osati pa poto, pomaliza kumangotsuka ndi madzi zonse nkuyoyoka. Mtsikana wanga wamkulu poyamba ankati amayi izi nzakumudzi, lero ndi iyeyo amene amayamba kupaka chifukwa waona kuti ntchito yake yokwecha mapoto madzulo yachepa.

Koma phulusa lili ndi malamulo ake. Likhale la nkhuni, makala, mapesi kapena zitsononkho, osati la pa mulu pamene mwawotcha zinyalala zosakanikira ndi mapulasitiki ndi mabatire, limenelo ndi poizoni. Limaumitsa khungu, nde amene manja awo sachedwa kusweka avale magolovesi kapena asambe msanga nkudzola. Mapani aja osamata chakudya musakwechere phulusa, mumachotsa utoto wake. Poto wa aluminiyamu musamusiye usiku wonse ali ndi madzi a phulusa, amathimbirira. Lotsala limapita kuchimbudzi chokumba, mukawaza pa dzenje nkuvindikira fungo limachepa ndipo ntchentche sizichuluka.

Kenako pali soda, yemwe uja timathira mu therere, ndi mandimu. Magetsi akazima nthawi yaitali firiji imayamba kafungo kaja ka nyama yosungunuka, ndimaitsuka ndi madzi ofunda osungunuliramo masupuni awiri a soda nkusiyamo kambale ka soda wouma pakona. Makapu othimbirira ndi tiyi, fulasiki ya phala la mwana, zigubu zosungira madzi, zonsezi soda amayeretsa bwinobwino osasiya fungo la pafyumu m'chakudya. Ndimu ndi wochotsa fungo la nsomba. Mukakonza chambo kapena mlamba, dulani ndimu pakati, nyikani mu mchere nkukwecha pa thabwa, pa mpeni ndi m'manja momwe. Amachotsanso madontho a dzimbiri pa mipeni ndi zoyera zija zimaundana pa mpopi. Nthawi ya mandimu kuno amatchipa, amayi a ku Domasi ndi ku Songani amabwera nawo m'madengu, palibe chifukwa chogulira mankhwala opopera onunkhira ngati ndimu pamene ndimu weniweni ali pa mulu panja pa shopu yomweyo.

Pa Facebook ndi pa TikTok mwadzaza timavidiyo ta anthu akuthira soda mu sinki kenako viniga pamwamba, thovu nkuphulika, iwo nkumati taonani mphamvu. Abale, thovu limenelo ndi mpweya chabe. Soda ndi viniga zimaphana mphamvu, zikatha kuwira chotsala ndi madzi a kamchere basi. Gwiritsani ntchito chimodzi pachokha, soda pa mafuta ndi fungo, viniga kapena ndimu pa dzimbiri ndi magalasi. Ndalama ya viniga ikuvuta kale, bwanji tiziitayira mu sinki.

Apa pokha ndikufuna mumve bwino chifukwa ndi nkhani ya moyo. Jik kapena klorini wina aliyense musamusakanize ndi viniga, ndimu kapena mankhwala ena otsukira m'chimbudzi. Pamatuluka mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi mapapo, ndipo mabafa athu ambiri ndi aang'ono, kawindo kamodzi kakang'ono kumwamba. Musamuthirenso mu ndowa imene muli mikodzo ya usiku, yambani mwataya nkutsukuluza. Mayi wina woyandikana nane anapezeka akutsokomola misozi ili mbwembwembwe chifukwa anasakaniza mabotolo awiri kuti bafa liyere kwambiri kukubwera apongozi, tinachita kumukhazika panja pa mphepo nkutsegula zitseko zonse. Zinatha bwino koma zikanatha kuipa, makamaka kukanakhala kuti munalowa mwana.

Sindikunena kuti klorini timusiye ayi. Pali anthu amene akangomva za kusamala chilengedwe amafuna chilichonse cha mu botolo chichoke m'nyumba, ine pamenepo sindigwirizana nawo. Tonse tikukumbuka kolera imene inayamba mu March 2022 ku Machinga, pafupi pompa, nkufalikira dziko lonse mpaka 2023, inatenga anthu opitirira 1,700. Phulusa ndi ndimu sizingateteze madzi akumwa ku kolera. Madzi a pachitsime kapena a mumtsinje athiridwe klorini pa muyeso umene alangizi a zaumoyo amatiuza, kapena awiritsidwe. M'nyumba mukakhala wodwala wotsegula m'mimba, zovala zake, beseni lake ndi chimbudzi zimafuna klorini, osanyengerera. Kusamba m'manja nako sopo ndiye woyamba, phulusa ndi la pamene sopo watheratu, ndipo kampondagiya pafupi ndi chimbudzi nkosavuta kupanga, kachigubu, chingwe ndi timitengo basi. Chimene ndikukana ine ndi kuthira Jik tsiku lililonse pa simenti ya pabalaza ngati ndi chipatala, nkukakhuthula madziwo mu ngalande. Pansi pa tsiku ndi tsiku madzi ndi kasopo pang'ono zikwanira.

Zochapa ndiye zimadya madzi ambiri pakhomo, bilu ikabwera mumadziwa nokha. Ambirife tinakula ndi maganizo oti thovu likachuluka ndiye kuti zovala zikuyera, nde timathira sopo wa ufa mosayeza, kenako nkutsukuluza kanayi kuti thovulo lithe. Chimene chimachotsa litsiro ndi kunyika. Mayunifomu a ana ndimawanyika ndi sopo wochepa ndikuphika phala, makolala ndi m'khwapa ndimapaka sopo wamtanda, pochapa sizivuta. Madzi otsukuluzira omaliza sinditaya, amakolopa m'nyumba, amatsuka pakhonde, otsala amagujumula m'chimbudzi. Otsukira mpunga ndi masamba amapita pa nthochi ndi pa kabedi ka mpiru kuseri. Okhala ndi Jik okha ndi amene sapita ku mbewu. Sopo wina wa ufa amakhala ndi fosifeti, mchere womwe uja uli mu feteleza, ndipo akachuluka m'madzi oima amameretsa ndere ndi zomera zimene zimamaliza mpweya wa nsomba. Nde amayi anzanga amene mumachapira ku mtsinje chifukwa mpopi uli kutali kapena wauma, sindikukuweruzani, nanga mutani, koma tungani mu beseni muchapire chapatali pang'ono ndi madzi, thovu likhuthulidwe pa udzu kuti dothi liyambe lasefa lisanafike mumtsinje.

Tsopano majumbo. Aaa, apa ndiye mtima wanga umawawa. Mvula yoyamba ikagwa pitani mukaime pa mlatho wa Likangala muone zimene madzi amanyamula, majumbo a buluu, akuda, mabotolo a zakumwa, timapepala ta mafiriziwesi, zina zitakoledwa m'mizu ya mitengo m'mbali monse. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, makampani opanga anapita ku khoti, mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale, koma nkhani inapitirira kukokanakokana ndipo majumbo pa msika sanasowe. Ine sindinadikire kuti za kumakhoti zithe ndiye ndiyambe. Ndikamapita ku msika ndimatenga basiketi ya mlaza ndi kabakete kotseka koikamo nsomba kapena nyama, tomato ndi anyezi zimalowa mu basiketi momwemo popanda jumbo. Ogulitsa amazolowera, mayi amene ndimagulako masamba akangondiona amati amayi a basiketi abwera, ndipo amandiikira basera yabwino chifukwa jumbo nayenso amachita kugula. Mwana mukamutuma mafuta ophikira oyeza mupatseni botolo, mukamutuma chipisi mupatseni kontena. Chipisi chamoto mu jumbo yopyapyala sichabwino olo pang'ono, pulasitiki imafewa ndi mafuta otentha inu nkudya.

Zinthu ziwiri zimene ndikupempha tisiye lero lomwe. Choyamba kuyatsira mbaula ndi jumbo. Ndikudziwa imagwira msanga, makamaka makala akakhala onyowa nthawi ya dzinja, koma utsi wakuda uja ndi poizoni ndipo amene amaupuma ndi mwana wamkazi amene wawerama akukupiza. Zitsononkho zouma, makoko a mtedza, kachidutswa ka katoni, timitengo touma, zonsezi zimayatsa bwino mukazisunga pouma. Chachiwiri kuvindikira mbatata, chinangwa kapena mpunga ndi jumbo mkati mwa poto kuti zipse msanga. Tsamba la nthochi limagwira ntchito yomweyo, ndipo nthochi ku Zomba kuno zili paliponse.

Zinyalala za pakhomo mukaziyang'ana bwino zambiri ndi zowola, makoko a nthochi ndi mbatata, misinde ya masamba, masamba a mango osesa pabwalo, zotsalira za nsima. Kumene ndimakhala kanjira nkopapatiza galimoto ya zinyalala singafike, nde tinakumba maenje awiri kuseri, lina la zowola lina la zosawola. La zowola timathira zinyalala, kuwaza phulusa pang'ono, dothi pamwamba kuti ntchentche ndi makoswe zisabwere, likadzadza timalisiya miyezi ingapo nkufukula manyowa akuda bii, ofewa, onunkhira dothi la m'nkhalango. Ndi amenewo amene ndimabzalira mpiru, chainizi ndi tomato m'matumba a simenti akale. Ndi mmene feteleza wakwerera kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kutentha masamba a pabwalo nkutentha ndalama. Achimwene anga kumudzi phulusa amachita kundipempha kuti ndiziwasungira, amasakaniza ndi madeya, ndowe ndi feteleza pang'ono kupanga manyowa a Mbeya, aja amamanga m'thumba nkudikira masabata atatu.

Mphemvu ndi nyerere sindilimbana nazo ndi mankhwala opopera kawirikawiri, chimene chimaziitana ndi mbale zogona zosatsuka ndi nyenyeswa za pansi pa kabati. Udzudzu ndi neti basi, ndi kukwirira tizithaphwi, zitini ndi matayala osunga madzi. Neti yake ikhale yogonamo, osati yotchingira dimba kapena yokokera matemba.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya makala, ndipo pano sindikufuna kuyankhula ngati munthu amene saphika. Tonse tikuona mmene mapiri a Zomba ndi Malosa akuyererayerera, malo amene tili ana kunali mitengo yothithikana pano ndi miyala ndi minda. M'mawa uliwonse njinga zimatsika zitasenza matumba, amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndipo amene timagula ndife a m'tauni. Bambo wa njinga uja sikuti amadana ndi mitengo, akufuna ufa ndi fizi ya mwana. Ifenso sikuti timakonda utsi, koma magetsi ndi odula komanso amazimazima, kumbukirani mmene zinalili malo opangira magetsi a Kapichira atawonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022, gasi naye kuti ugule silinda ndi chitofu poyamba pamafunika ndalama yambiri nthawi imodzi. Nde kuuza munthu kuti siya makala popanda kumupatsa china nkungomunyoza. Koma phiri limenelo ndi limene limasunga madzi a mu damu la Mulunguzi, mitengo ikatha akasupe amaphwa msanga chilimwe, dzinja madzi amatsika mwaukali ndi matope. Namondwe Freddy mu March 2023 anationetsa ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu zimene madzi otsika m'phiri amachita, anthu mazanamazana anapita, ndipo kuno ku Zomba nako nyumba zinagwa, milatho inaduka, minda ya kumunsi inamira.

Chimene tingathe pakhomo ndi kuchepetsa. Thumba limene limatha masabata awiri lizitha atatu. Nyemba muzinyike usiku, m'mawa zimapsa ndi theka la makala. Poto azikhala wovindikira nthawi zonse. Ndiwo, madzi a nsima ndi madzi osamba zizitsatana pa moto umodzi osati kuyatsa katatu, nde yambani mwadula zonse, kusenda ndi kutsuka musanayatse. Mukamaliza kuphika makala otsala musawasiye anyeke okha, atsanulireni mu chitini chachitsulo nkutseka, amazima ndipo mawa muyambira omwewo. Mbaula ya dongo mkati imasunga moto kuposa ija ya chitsulo chokhachokha. Kwa amene amaphikira nkhuni, chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, timitengo ta nandolo ndi zitsononkho zimakwanira, ndipo amaumba ndi magulu a amayi konkuno ndi dongo lathu lomweli.

Njira imene ndimaikonda ndi ya dengu. Mumatenga dengu lakuya kapena katoni yolimba, mkati mumayalamo bulangeti lakale kapena nsanza zambiri, pansi ndi m'mbali. Nyemba zonyika zikawira bwino pa moto kwa mphindi 20 kapena 30, mumaphula poto ali chivindikirire, kumukhazika mu dengu muja, kumufunditsa pamwamba ndi pilo wakale nkumusiya. Osatsegula kuti muone ayi. Mukapita ku tchalitchi kapena ku ntchito, pobwera masana mumapeza nyemba zafewa zikadali zotentha, chotsala nkungokazinga tomato ndi anyezi. Mpunga ndiye umangofuna kuwira mphindi zochepa, sumapserera, poto satuwa kunsi. Abambo a kunyumba atangoona koyamba anati mayi mwana, nyemba zingapse bwanji mu bulangeti, atalawa anakhala chete nkuwonjezera zina. Chakudya chikakhala kuti chazizira mu dengumo chitenthetseni mpaka chiwire musanadye, makamaka nyama.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April chaka chilichonse, ndipo timaona akuluakulu pa TV akubzala, koma mtengo umafuna wouthirira mu October osati wojambulitsa nawo tsiku lobzala lokha. Olo muli pa lendi pemphani alandilodi mubzale papaya, mapeyala kapena nsangu pakona ya mpanda. Ambiri savuta, amadziwa kuti mtengowo utsala wawo.

Mabatire a tochi ndi a wailesi, mababu akupsa, mafoni akufa, izi musaponye mu dzenje la manyowa kapena pa moto, ndipo ana asamaswe mabatire kuseweretsa zakuda zam'katimo. Ine ndimasunga mu chitini cha penti chotseka pamwamba pa kabati. Batire ya sola kapena ya galimoto ikatha muli mtovu ndi asidi, ipititseni kwa ogula mabatire akale, osaikhuthulira pansi pafupi ndi chitsime.

Mapampasi ndiwo atisowetsa mtendere pa pulotu pathu. Tilipo mabanja anayi, awiri ali ndi makanda. Pampasi sawola, mkati muli pulasitiki ndi mankhwala aja amafufuma akamwa madzi, ukamuponya m'chimbudzi chokumba chimadzadza msanga ndipo opopa amavutika, ukamutentha sapsa bwino amangofuka, ukamusiya pa dzala agalu amamukoka usiku nkumumwaza mpaka pakhomo pa eni ake ena. Ambiri amangomanga mu jumbo nkukaponya ku mtsinje kukada, chimbudzi cha mwana chili momwemo, kumunsi anthu akutunga. Ana anga onse ndinalera ndi matewera a nsalu, ndikudziwa kuti ndi ntchito, kunyika, kuchapa, kuyanika, ndipo mwezi wa June kuno kukachita chiperoni thewera limatha masiku awiri lisanaume. Mayi amene amalawirira ku ntchito nkusiya mwana ndi wantchito kapena ndi apongozi sindingamuuze kuti asiyiretu mapampasi. Chimene ndinawapempha anzanga a pa pulotu nchakuti masana mwana akakhala pakhomo azivala thewera, pampasi akhale wa usiku, wa ku sikelo ndi wa pa ulendo, ndipo asanamutaye ayambe akhuthulira chimbudzicho m'chimbudzi.

Tinakhala pansi Loweruka lina madzulo pa mkeka, ine ndinati amayi a Junior, inu ndi achemwali apa tiyeni tisonkhe tikumbitse dzenje lakuya la mapampasi okha kuseri kwa bafa, kutali ndi chitsime, likhale ndi chivindikiro cha lata. Amayi a Junior anavomera pompo, anati iwonso atopa kutola m'mawa uliwonse zimene agalu amwaza. Achemwali enawo anati ayambe afunsa abambo akabwera ku Liwonde kumene amagwira ntchito, komanso akuopa kuti alandilodi akana chifukwa malowo amafuna kudzamangapo chipinda china. Alandilodi tawaimbira, ati abwera kumapeto kwa mwezi podzatenga lendi adzaone malowo okha. Mnyamata wokumba tapangana naye kale mtengo, ndipo lata la chivindikiro lilipo, linatsala pamene ankakonza denga la khitchini.